Zomwe Pell imalipira, ndi zomwe fomu yake siifunsa

Achibale a ku Kasungu akamva kuti ndinabwerera kusukulu kuno ku Indiana, ku America, funso lawo limakhala limodzimodzi: fizi ukuitenga kuti? Ndikawauza kuti fiziyo ndiye katundu wopepuka, amaganiza kuti ndikuwabisira kanthu. Koma ndi mmene zilili. Pa koleji ya boma ya zaka ziwiri, yomwe kuno amati community college, munthu wokhala m'deralo amalipira pafupifupi $4,000 pa chaka tikaphatikiza dziko lonse, ndipo ku California ndi $46 yokha pa kirediti iliyonse (kirediti ndi muyeso wa kukula kwa phunziro). Thandizo la boma la osauka lotchedwa Pell Grant limafika $7,395 pa chaka kwa wovutikitsitsa. Fizi ikachotsedwa, zotsalazo amakuikira mu akaunti yako. Chomwe chimatha munthu ndi lendi, chakudya, mabuku, ndi galimoto, chifukwa kuno ukapanda galimoto ngakhale kuntchito sukafika. Zonsezi umazilipira ndi maola, ndipo maola omwewo ndi amene ukanawerengera.

Khomo la thandizo lonse ndi fomu imodzi, FAFSA. Kudzaza ndi kwaulere, ndipo aliyense wokuuzani kuti mum'patse kangachepe kuti akudzazireni akungokudyerani. Nthawi zambiri imatsegulidwa pa 1 Okutobala, ngakhale ya chaka cha 2024-25 inachedwa mpaka kumapeto kwa Disembala 2023 pomwe ankaisintha, ndipo inasautsa anthu ambiri. Koma si aliyense amene khomoli limam'tsegukira. Ine ndili ndi green card, chiphaso chondilola kukhazikika kuno, n'chifukwa chake ndimawerengedwa. Mnzanga wa ku Zambia amene anabwera ndi viza ya ophunzira ya F-1 timakhala kalasi limodzi, koma iye Pell sangaione, amalipira fizi yokwera ya alendo, ndipo amaloledwa kugwira ntchito ya pasukulu pokha, maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala mkati. Ndanena izi msanga chifukwa ena kumudzi amamva zoti "ku America sukulu ndi yaulere" n'kuyamba kugulitsa ng'ombe za tikiti.

Pell inayamba mu 1972, ndipo mu 1980 anaitcha dzina la Claiborne Pell, senita wa ku Rhode Island amene anailimbikira. Si ngongole, sumabweza. Kuchokera pa fomu ija amawerengera nambala yotchedwa Student Aid Index, yomwe imatha kutsika mpaka -1,500, ndipo ikatsika kwambiri thandizo limakwera. Zomwe ambiri sitizidziwa poyamba n'zakuti sayang'ana zomwe ukupeza lero. Amatenga msonkho wa zaka ziwiri zapitazo: fomu ya 2025-26 ikuona ndalama za mu 2023. Taganizani za Mmalawi wongofika kumene. Chaka choyamba ndi chachiwiri amagwira mashifiti awiriawiri kunyumba zosamalira okalamba, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kuti abweze ngongole ya ulendo ndi kugula kagalimoto. Atakhazikika akuti tsopano ndichepetse ntchito ndiyambe sukulu, fomu ikumuona ngati munthu wopeza bwino, chifukwa ikuwerenga chaka chomwe ankagona maola anayi. Njira yotulukira ilipo. Lamulo limapatsa ofesi yoona za thandizo pakoleji mphamvu yowerengeranso ngati ndalama zako zatsika, bola upite wekha ndi mapepala a malipiro. Sadzakuitanani. Mumapita, n'kupempha.

Pali chinthu china chomwe ngakhale ofesiyo singachikonze bwinobwino. Fomu ikafunsa za kukula kwa banja, imafuna anthu okhala nawe amene ukuwasamalira koposa theka la zosowa zawo. Mayi anga ku Kasungu saoneka pa fomuyo. Ana a malemu mchemwali wanga, omwe fizi yawo ya sekondale imachoka m'thumba langa, saonekanso. Ndalama ya feteleza yomwe imafunika mvula isanagwe, ya chipatala, ya maliro, zonsezo boma la kuno limaziona ngati ndalama zomwe ndinali nazo n'kusankha ndekha kuziononga. Sindikuti aipa mtima. Fomuyo inalembedwa ndi anthu amene kwa iwo banja limathera pakhomo la nyumba. Koma zotsatira zake n'zakuti ine ndi Mmereka wolandira malipiro ofanana timapatsidwa thandizo lofanana, pomwe mapewa athu sanasenze zofanana.

Ndiye pamabwera nkhani ya makirediti. Kuti ulandire Pell yonse uyenera kutenga makirediti 12 pa semesita, omwe ndi makalasi anayi. Ukatenga 6 umalandira theka. Thandizo la boma la Indiana, Frank O'Bannon Grant, limafuna wophunzira wa nthawi yonse, komanso kuti FAFSA ikhale italowa pofika pa 15 Epulo. Choncho chilichonse chimakukankhira ku makalasi ambiri. Walira mvula walira matope: ndalamayo ili ndi zingwe zake. Uyenera kusunga GPA (avereji ya magiredi ako) ya 2.0, kukhoza pafupifupi magawo 67 pa 100 a makalasi onse omwe unalembetsa, ndi kumaliza pulogalamu isanapitirire nthawi yake ndi theka. Ukasiya makalasi onse semesita isanafike pa magawo 60 pa 100, gawo la ndalama lomwe "sunaligwirire" limabwezedwa kuboma, ndipo koleji imatembenukira kwa iwe ndi bilu. Mayi wina amene tinali naye mu kalasi ya anatomy, phunziro la ziwalo za thupi, anatenga makalasi anayi kuti apeze ndalama yonse, uku akugwira usiku. Mwana wake atadwala anasowa milungu ingapo, kenako anangosiya. Analowa sukulu opanda ngongole, anatuluka ali nayo. Ndipo Pell ili ndi malire a moyo wonse, masemesita 12 a nthawi yonse, kotero semesita yolephereka imadya gawo lomwe sudzalipezanso.

Ine ndimatenga makalasi atatu. Ndalama imachepa, koma anatomy si phunziro loti ungaliwerenge uli m'tulo. Mafupa 206, minofu ndi komwe iliyonse imayambira ndi kuthera, zimafuna munthu wokhala pansi ndi mutu wozizira.

Apa ndi pomwe work-study inandithandiza kuposa momwe ndalama yake ingasonyezere. Pulogalamuyi inabadwa mu 1964, m'nthawi ya nkhondo yolimbana ndi umphawi ya Pulezidenti Lyndon Johnson, ndipo kenako inalowa pansi pa lamulo la maphunziro apamwamba la 1965. Kagwiridwe kake n'kosavuta: koleji imakupatsa ntchito, boma limalipira mpaka magawo 75 pa 100 a malipiro ako, olemba ntchito n'kuonjezera otsalawo. Sangakupatse zochepera $7.25 pa ola, malipiro otsikitsitsa a dziko lonse omwe sanasinthe chiyambire 2009. Ndalamayo sipita mwachindunji ku fizi ayi, umailandira ngati malipiro, ukagwira. Yanga ndi ya mu labu ya sayansi: kutsuka magalasi, kukonza maikulosikopu kalasi isanalowe, kubwezeretsa zidole za ziwalo za thupi m'malo mwake. Pa ola ndimapeza zochepa poyerekeza ndi kosamalira okalamba, ndipo anzanga anandiseka kuti ndasiya ndalama n'kutsata ulemu.

Koma werengani bwino. Sindiotcha mafuta kupita kuntchito, chifukwa ndikatuluka m'kalasi ndimangokwera masitepe. Bwana wanga amadziwa kuti sabata ya mayeso ndi sabata ya mayeso, ndipo amasuntha maola popanda kundiyang'ana ndi diso lofiira. Labu ikakhala zii ndimatenga chigaza cha pulasitiki n'kumadzifunsa mayina a timabowo take. Aphunzitsi amene kale ankandidziwa ngati dzina la pa mndandanda tsopano amandiitana ndi dzina, ndipo m'modzi mwa iwo ndi amene anandilembera kalata yondichitira umboni. Chachikulu kwambiri n'chakuti ndalama ya work-study imachotsedwa akamawerengera thandizo la chaka china. Dola ya kosamalira okalamba imatha kundichepetsera Pell patsogolo. Dola ya mu labu siikhudza.

Chondiwawa n'chakuti pulogalamu yabwino chonchi imagawidwa mokhota. Boma limaikamo pafupifupi $1.2 biliyoni pa chaka, koma kagawidwe kake kumasukulu kamatsamira pa zomwe sukulu inkalandira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, komanso pa kukwera kwa fizi yake. Mapeto ake mayunivesite akale, odula, amatenga gawo lalikulu, ndipo makoleji athu, omwe ndi odzaza ndi osauka, amatsala ndi zochepa. Kalata ikhoza kukuuza kuti ndiwe woyenera work-study, koma ntchito yeniyeniyo uisake wekha, ndipo malo ake amatha msanga. Chimodzimodzi kathandizo kena kotchedwa FSEOG, ka pakati pa $100 ndi $4,000: kakatha katha. Pa ziwirizi wodzaza fomu mu Okutobala amaposa wodzaza mu Malichi, ngakhale wa mu Malichiyo atakhala wosauka kuposa.

Za masikolashipu ndinene mwachidule. Makoleji ambiri ali ndi thumba la ndalama zoperekedwa ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo fomu imodzi imakulowetsa m'mipikisano yambiri. Ndalama zake ndi zazing'ono, koma zimagula mabuku. Chovuta kwa ife ndi nkhani yomwe amafuna kuti ulembe yonena za iwe mwini. Tinaleredwa kuti wodzitama ndi wopanda khalidwe, ndipo kuno akufuna unene poyera kuti ndinachita chakuti, ndinapirira chakuti. Ndinapeza kuti zimandiyendera ndikalemba zomwe zinachitika zokhazokha, wowerengayo aweruze yekha. Amene GPA yawo ili chapamwamba, nthawi zambiri 3.5, amaitanidwa kulowa m'bungwe la Phi Theta Kappa, lomwe limatsegula zitseko posamukira ku yunivesite, ndipo sikolashipu ya Jack Kent Cooke ya osamuka imafika $55,000 pa chaka, ngakhale opambana ndi owerengeka. Mapulogalamu a "koleji yaulere" ngati Tennessee Promise, yomwe inayamba kulandira ophunzira mu 2015, musawatengeke nawo msanga. Amalipira fizi yotsala Pell ikatha kulipira, choncho wosaukitsitsa, amene Pell yam'kwanira kale fizi, sapezapo chilichonse cha lendi.

M'kalata ya thandizo amaikamonso ngongole, pamzere womwewo ndi Pell, ngati zonse ndi mphatso. Amene tinaona anzathu akulimbana ndi ngongole za bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira la HESLGB kumudzi sitifuna kuuzidwa kawiri kusiyana kwake. Ndinaikana, pakadali pano. Ndikuisungira nthawi ya maphunziro a unamwino enieni, pomwe masiku a kuchipatala sadzandilola kugwira ntchito ina iliyonse masana. Semesita ikubwerayi ndalembetsa microbiology, ndipo ndapempha kuti maola anga a mu labu akhale Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku omwe kalasiyo imakumana.