Lachiwiri pabenchi la abambo ku Zomba

Pabenchi la kiliniki m'mawa uno panadzaza abambo ochokera ku Jali, Thondwe ndi Domasi, ambiri odzasinthitsa paipi ya mkodzo. Wina anabisa thumba la mkodzo m'jumbo n'kuikoloweka paphewa. Manyazi ake ndi omveka, koma thumba likakwera kuposa chikhodzodzo, mkodzo umabwerera m'kati pamodzi ndi majeremusi. Lizikhala m'munsi ngakhale pogona, ndipo muzilikhuthula lisanadzaze. Madzi akumwa asachepere malita 1.5 patsiku, pokhapokha adokotala ataletsa. Paipi ikauma kwa maola angapo chinena chikutupa, yatsekeka imeneyo. Musadikire tsiku lolembedwa m'buku la kuchipatala.

Prostate ili pansi pa chikhodzodzo ndipo imazungulira njira ya mkodzo, n'chifukwa chake ikatupa mkodzo umangodontha. Kutupa kokha si khansa ayi. Kuyeza PSA (puloteni yomwe prostate imatulutsa) m'magazi ndi kupima ndi chala kumangolozera. Chotsimikizira ndi kanyama kotengedwa kukapimidwa.

Nkhani yovuta inabwera masana. Mayi wina, atakhala kumapeto kwa benchi, ananong'ona kuti: "Adokotala, bambo a kunyumba anasiya kundiyandikira. Achibale akuti ndinawadyetsa mankhwala." Amuna awo ali ndi khansa ya prostate ndipo amabayitsa goserelin, jakisoni wa pamimba wa masiku 28 alionse kapena wa masabata 12. Khansa imeneyi imakula ndi mahomoni achimuna otchedwa testosterone, ndiye jakisoniyo amatsitsa dala mahomoniwo, monganso opaleshoni yochotsa machende. Chilakolako chimazirala, mphamvu za m'nyumba zimathawa, thukuta limabwera mwadzidzidzi ngakhale kuzizira kwa mu June, mimba imakula, mafupa amafooka. Anthu kunjaku amangoti wagwa mumpapaya, nkhani n'kufika kwa ankhoswe, pamene gwero lake lili m'jakisoni. N'kulakwa kumuyambitsa bambo mankhwalawa mkazi wake atatsala panja. Alowe onse, amvere limodzi, amvenso kuti khansayi sipatsirana pokhala malo amodzi.

Omwe ali pa morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, tinawakumbutsa kuti amamanga m'mimba, choncho mankhwala ofewetsa chimbudzi aziyendera limodzi kuyambira tsiku loyamba.

Womaliza kulowa anabwera pa kabaza, akuti msana wavuta sabata yonse ndipo miyendo yayamba dzanzi. Khansa ya prostate imakonda kufalikira kumafupa a msana, ndipo ikapanikiza mitsempha munthu akhoza kulumala m'masiku ochepa. Sitinawalole kubwerera kumudzi. Agonekedwa madzulo ano.