Madala, Mwamuchita Chiyani Munthu Wanga?

Galamafoniyo ndinaigula kwa munthu, yakalekale, yopangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Wogulitsayo anandiikira basela: kambale kamodzi kakang'ono kopanda chikutiro, pepala lake lapakati lofufutika moti dzina la woimba silinkawerengeka. Yooneka inali nambala yokha, 45. Ndinakankhira kabatani pa 45 n'kutsitsa singano.

Abale inu, mawu ake! Bambo wa mawu a besi ngati akuimbira mumgolo, akukoka nyimbo mwapang'onopang'ono, chisoni chokhachokha. Ndinamukonda. Miyezi itatu yathunthu ndinkamuika madzulo alionse, ndipo anzanga akabwera ndinkawalalikira kuti oimba a masiku ano ndi makanda, amuna enieni anapita kale. Ndinafika pomuona m'maganizo: ndevu zaimvi, chipewa chopendekeka, mkazi anamuthawa. Mayi a kunyumba ankangoti, "Koma bambo anuwa akumveka ngati akuyasamula." Ine n'kumati ndi nsanje.

Tsiku lina mbale inangoti zii. Mota ikung'ung'udza, koma palibe chozungulira.

Mmisiri amene ndinamupeza anali mkulu wa magalasi otsetserekera pamphuno. Atanyamula chitsulo chokhalapo mbale, tinapeza lamba atasungunuka, wakuda bii, akunanda ngati phula. Anandifunsa ngati ndinathirapo mafuta. Ndinakana kwamtuwagalu, chonsecho dzulo lake ndinali nditadonthezamo a makina osokera. Anayang'ana singano n'kupukusa mutu.

"Achimwene, iyi si singanonso, ndi khasu. Mwakhala mukulima nayo mbale."

Patatha sabata ndinakaitenga, lamba watsopano, singano yatsopano, ikuwala. Kunyumba ndinakhala bwino pampando, ndinatseka maso kudikira madala anga achisoni. M'sipika munatuluka mayi. Mawu akuthwa, ng'oma zikuthamanga, chisangalalo chokhachokha. Mayi a kunyumba anatulukira akudumpha, ati nyimbo koma imeneyi.

M'mawa ndinalawirira, galamafoni kukhwapa.

"Madala, mwamuchita chiyani munthu wanga?"

Anamvetsera nkhani yonse osaphethira. Kenako anandionetsa kachitsulo ka pamota komwe lamba amayendapo. Kali ndi masitepe awiri, loonda la 33 ndi lonenepa la 45, ndipo pali kafoloko kamene kamasuntha lamba kuchoka pa lina kupita pa linzake. Kafolokoko kanagwidwa ndi girisi wouma, mwina ine ndisanabadwe. Kabatani kankaloza 45, koma mbale inkazungulira maulendo 33 ndi kachidutswa pa mphindi.

"Timbale tating'onoti, chiyambire 1949 pamene kampani ya RCA Victor inatitulutsa, timafuna 45. Mukatichepetsera liwiro, mawu amatsika. Bambo anuwo sanabadwepo. Mwakhala mukulirira mayi amene akuimba zovina."

Kenako anavula magalasi kuti aseke bwino.

Ndinafunsa motsitsa mawu ngati girisi wakale uja anamusunga. Anati palibe chifukwa, ndikamusowa munthu wanga ndizingokankhira pa 33. Ndimatero ndithu, usiku, anthu akagona.

Loweruka lapitali kunabwera mnzanga uja ndinkamulalikira kwambiri, atatenganso mlamu wake kuti adzamve mwamuna weniweni. Ndisanadzuke n'komwe pampando, mayi a kunyumba anali atafika kale pagalamafoni, akumwetulira, chala chili pa 45.