Malire a magawo mu flash ya rauta: zimene devicetree imanena ndi zimene schema siona

Mitundu yambiri ya rauta ya TP-Link TL-WR841N ili ndi flash ya 4 MB yokha. Flash ndi kachipangizo ka miyendo 8 kosunga zonse zimene rautayo imafuna ikamayaka, ndipo mkati mwake mulibe chikwangwani chosonyeza pamene bootloader (pulogalamu yoyamba kuyenda rauta ikayatsidwa) yathera ndi pamene firmware (pulogalamu yaikulu yoyendetsa rautayo) yayambira. Ndi ma byte ondondozana kuyambira 0x000000 mpaka 0x3fffff basi. Linux imadziwa malirewo chifukwa munthu anawalemba mu devicetree, fayilo yofotokoza zipangizo zimene zili pa bolodi, ndipo akalakwitsa, kernel (phata la Linux) imakhulupirira bodzalo osafunsa.

Mu OpenWrt, Linux yopangidwira ma rauta, pa gulu la ath79 (la ma chip a Atheros), mapu a rautayi amalembedwa pansi pa flash motere:

partitions {
    compatible = "fixed-partitions";
    #address-cells = <1>;
    #size-cells = <1>;

    partition@0 {
        label = "u-boot";
        reg = <0x000000 0x020000>;
        read-only;
    };
    partition@20000 {
        label = "firmware";
        reg = <0x020000 0x3d0000>;
        compatible = "tplink,firmware";
    };
    partition@3f0000 {
        label = "art";
        reg = <0x3f0000 0x010000>;
        read-only;
    };
};

Pa mzere wa reg, nambala yoyamba ndi poyambira gawolo, yachiwiri ndi kukula kwake. Ambiri amapunthwa pomwepa, poganiza kuti yachiwiriyo ndi pothera. Wonkhetsani nokha: u-boot (bootloader ija) ndi 128 KiB, firmware 3904 KiB, art 64 KiB, zonse pamodzi 4096 KiB, ndendende 4 MB. Nambala ya pambuyo pa chizindikiro cha @ iyenera kufanana ndi yoyamba ya reg, koma zikasiyana kernel imatsata reg, dzinalo limangosocheretsa amene adzawerenge fayiloyo mawa. Ma cell awiri aja, #address-cells ndi #size-cells, akhale 1 pa flash yaing'ono ngati iyi. Amakhala 2 pamene malo apitirira 4 GiB. Mawu akuti "tplink,firmware" amauza OpenWrt kuti iwerenge mutu wa firmware n'kugawanso gawolo kukhala kernel, rootfs ndi rootfs_data (kosungira zimene mwasintha), n'chifukwa chake mu /proc/mtd (mndandanda wa magawo amene kernel ikuona) mumaoneka magawo ambiri kuposa atatu.

Kuyambira pa Linux 5.0, mu 2019, malamulo a kalembedwe ka devicetree anayamba kusungidwa m'mafayilo a YAML amene makina angathe kuwawerenga, otchedwa schema. La magawo athuwa ndi fixed-partitions.yaml, mu Documentation/devicetree/bindings/mtd/partitions. Mukaika dtschema kudzera pa pip n'kulamula make dtbs_check, mumauzidwa ngati mwaiwala chinthu chofunika, ngati mwalemba dzina limene schema siilidziwa, kapena ngati mwaika mawu pamene pafunika nambala. Ndi chida chabwino, ndipo ndimalimbikitsa kuti pasakhale dts (fayilo ya devicetree) yotumizidwa isanadutse pamenepo.

Koma schema imayang'ana kalembedwe, siona kachipangizo kamene kali pa bolodi. Firmware mukaipatsa 0x3e0000 m'malo mwa 0x3d0000, dtbs_check idzangokhala chete, pomwe gawolo lalowerera m'munda wa art. Tsiku limene rootfs_data idzafufutidwe kapena kudzadza, art yapita, ngakhale munailemba kuti read-only, chifukwa kulembako kwadzera pakhomo la firmware.

Gawo la art ndi limene ndimalidera nkhawa kwambiri. Mmenemo muli zotsatira za kuyeza wailesi ya Wi-Fi kufakitale: mphamvu imene iyenera kutuluka pa channel iliyonse, malinga ndi bolodi yeniyeniyo. Pa mitundu ya rautayi yokhala ndi chip ya QCA9533, zimenezi zimayambira pa 0x1000 mkati mwa art ndipo ndi ma byte 0x440. Firmware mungaitsitsenso pa intaneti, u-boot mungaimangenso, koma art ndi ya rauta imodzi yokha. Ikafufutika, ath9k, driver ya Wi-Fi, imakana kudzutsa wailesi. Mukakopera ya rauta ina yofanana, Wi-Fi ingathe kuyaka, koma ndi miyeso ya eni ake, ndiye mphamvu yake siidalirika. Adiresi ya MAC nayonso yabisala pamalo osayembekezeka: ma byte 6 pa 0x1fc00 mkati mwa gawo la u-boot. Wolowetsa bootloader yatsopano osasunga malo amenewo amataya MAC yake. Malo awiriwa amafotokozedwa mu devicetree monga ma cell a nvmem, okhala ndi reg yawoyawo yowerengedwa kuyambira pa chiyambi cha gawo, osati cha flash yonse.

Vuto lina ndi la malire osagwirizana ndi kafufutidwe. Flash ya NOR siifufuta byte imodziimodzi, imafufuta chigawo chathunthu, cha 4 KiB kapena 64 KiB. Onani danga la erasesize mu /proc/mtd. Ngati likuti 00010000, gawo lililonse lolembedwamo liyambe ndi kuthera pa nambala yogawika ndi 0x10000. Mukayambitsa pa 0x028000, kernel imalisandutsa lowerenga kokha n'kusiya uthenga mu dmesg (momwe kernel imalemba mauthenga ake) wokhala ndi mawu akuti force read-only. Chizindikiro chake n'chosokoneza: rauta ikuyenda bwino, koma zimene mwasintha sizikusungika. Gawo likapitirira mapeto a flash, kernel imalidula, n'kulembanso mu dmesg.

Kudulidwaku kumachitikira kawirikawiri amene asokoneza ma bit ndi ma byte. Winbond W25Q32 ndi ya 32 megabit, kutanthauza 4 MB. Ya 16 MB ndi W25Q128. Amene akuchotsa yaing'ono kuti aike yaikuluyo ayenera kusintha mapu: art imasamukira ku 64 KiB zomalizira, pa 0xff0000, kukula kwa firmware kumakhala 0xfd0000, ndipo zimene zinali mu art yakale zilembedwe pamalo atsopanowo ndi programmer (chida chowerengera ndi kulembera flash) musanamatire kachipangizoko. Bootloader nayonso iyenera kukhala yoidziwa flash yatsopanoyo.

Musanakhudze reg iliyonse, sungani zakale. Lamulani cat /proc/mtd, pezani nambala ya art, poti imasiyana malinga ndi magawo amene awonjezeka, kenaka dd if=/dev/mtdX of=/tmp/art.bin, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi u-boot. Mafayilowo muwatulutse ndi scp, chifukwa /tmp imakhala mu RAM ndipo magetsi akathima zonse zimapita. Ngati rauta siikuyaka n'komwe, programmer ya CH341A ndi kopanira ka SOIC8 zimathandiza: flashrom -p ch341a_spi -r flash.bin, muwerenge kawiri, muyerekeze ndi sha256sum, popeza kopanira kakagwira mopendekeka mumapeza zinyalala. Yezaninso magetsi pa miyendo ya programmer musanalumikize, chifukwa ma bolodi ambiri a CH341A amatulutsa 5 V pa mizere ya data pomwe flash imafuna 3.3 V.

Mukamaliza kulemba dts, yesani kaye ndi initramfs yoyendera mu RAM. Yerekezani /proc/mtd ndi zimene bootloader imasindikiza pa serial, ndipo werengani byte zoyambirira pa 0x1000 mu art ndi hexdump. Mukaona ff yekhayekha, ndiye kuti mapu anu akuloza pamalo opanda kanthu, musalembe chilichonse mu flash.