Masabata 6 ndikuwerenga masamba a pa intaneti a akatswiri a gofu

Aphunzitsi athu a statistics anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe gwero la nkhani limene anthu amalidalira akamaika ndalama zawo penapake, ndipo alisanthule ngati n'lodalirika. Ambiri anathamangira ku mitengo ya chimanga ndi feteleza. Atatu anasankha mpira wa ku England, poti ndi umene umawadyera ndalama sabata ndi sabata. Ine nditatchula gofu, kalasi lonse linafa ndi phwete. Mnyamata wochita lendi ku Luwinga, wodyera usipa tsiku ndi tsiku, gofu waidziwira kuti?

Ndinaidziwira kwa amalume. Iwo ananyamulira anthu zikwama za ndodo ku Mzuzu Golf Club kwa zaka zambiri, ndipo ndili mwana ndinkamva za maenje 18 pamene anzanga ankamva nthano za kalulu. Koma amene anandikankha kwenikweni ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Iye anatulukira kuti ku gofu ma odds amafika 40, 80, mwinanso 150, ndipo anandiuza motsimikiza kuti chinsinsi chake n'kuwerenga mawebusaiti a osewerawo, chifukwa amalemba okha mmene thupi lilili. "Aise, fomu yonse ili pompo, anthu sakudziwa chabe." Funso la ntchito yanga linabadwira pamenepo: kodi masamba amenewa n'odalirika kwa munthu wobetcha?

Ndinasankha osewera 8 n'kuwatsata kwa masabata 6, kuyambira mu May mpaka mu June, nyengo imene chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa. Kawirikawiri mpikisano wa gofu umayamba Lachinayi n'kutha Lamlungu, maenje 18 patsiku, onse pamodzi 72, ndipo akatha masiku awiri oyamba amadula pafupifupi theka la osewera n'kuwatumiza kwawo. Lachitatu lililonse ndinkawerenga masamba awo, n'kulemba m'kope amene ndikuona kuti achita bwino. Ndalama sindinaikepo ngakhale K100, zonse zinali za papepala. Chimene chinandiwawa ndi bandulo ndi tulo basi, poti mipikisano ya ku America imatha kuno kutadutsa pakati pa usiku.

Sabata yoyamba yomweyo ndinaona vuto. Masamba ambiri sanalembedwere munthu wofuna kudziwa fomu. Pamwamba pali chithunzi cha mwini wake atakweza chikho, m'munsi muli makampani amene amamulipira, wotchi imene amavala, zipewa zogulitsa ndi bungwe lake lothandiza ana. Ena nkhani yawo yomaliza inali ya miyezi yambiri yapitayo, chifukwa zatsopano anasamutsira ku Instagram ndi X. Ndipo wolemba si wosewerayo ayi, ndi anthu ake olembedwa ntchito yomukometsa. Munthu amene wadulidwa pa mipikisano itatu yotsatizana tsamba lake likunenabe kuti akumva bwino ndipo zinthu zatsala pang'ono kulongosoka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. M'masabata onse 6 sindinapezepo tsamba limene linanena kuti mwini wake manja akumunjenjemera akayandikira dzenje.

Ndisanamize, pali zinthu ziwiri zimene masambawa amanena zoona: kumene munthu akasewere, ndi kuvulala kwakukulu. Mu April 2014 Tiger Woods analengeza pa webusaiti yake kuti sakasewera mpikisano waukulu wa Masters chifukwa wachitidwa opaleshoni ya msana. Scottie Scheffler atadzicheka dzanja ndi galasi akukonza chakudya pa Khirisimasi ya 2024, womuyang'anira anatulutsa chikalata, ndipo anaphonyadi mipikisano yoyamba ya 2025. Nkhani zoterezi n'zenizeni. Koma taganizani, pamene ine ndikuiwerenga pa foni yanga ku Luwinga, netiweki ikuzungulirazungulira, anthu okonza ma odds anaiwerenga kalekale n'kusintha mtengo. Nkhani imene dziko lonse laimva si chinsinsi changa.

Ndinasiya kudalira masamba a osewera n'kupita ku la PGA Tour, bungwe loyendetsa mipikisano ya akatswiri a gofu ku America, ndipo apa m'pamene phunziro linayamba kukoma. Poyamba ndinkangoona nambala imene munthu wathera: wachitatu ndiye kuti ali pafomu, wa 40 ndiye kuti wagwa. Kenako ndinakumana ndi muyezo wotchedwa strokes gained, umene anaukonza Mark Broadie wa ku Columbia Business School, ndipo PGA Tour inayamba kuugwiritsa ntchito mu 2011. Maganizo ake ndi osavuta: kumenya kulikonse kumayerekezedwa ndi mmene wosewera wapakatikati akanachitira ali pamalo omwewo. Ukatero umaona kumene munthu wapindulira, kaya ndi pomenya koyamba, pomenya molunjika ku green (kabwalo ka udzu wosalala kamene pali dzenje ndi mbendera), kapena pokankhira mpira m'dzenje. Broadie anapeza kuti pa zimene akatswiri amaposera anzawo, pafupifupi 40 peresenti zimachokera pa kumenya kolunjika ku green, pamene kukankhira m'dzenje kumangopereka pafupifupi 15 peresenti. Komanso kukankhira m'dzenjeko ndi kumene kumasinthasintha kwambiri: lero mpira ukulowa wokha, sabata yamawa ukukana.

Ndinapita kwa amalume ku Chibavi Loweruka lina ndili ndi mangolomera, kuti ndikawaphunzitse zimenezi. Anandimvetsera uku akuotha mbaula, kenako anati, "Mwanawe, zimenezo mpaka pulofesa? Bwana akalowetsa mipira itatu yakutali tsiku limodzi, ife tinkadziwa kuti lero tidya bwino, koma mawa abwerera mwakale. Amene timamuopa ndi uja mpira wake umagwera pafupi ndi mbendera nthawi zonse." Ndinachita manyazi pang'ono, koma mawu awowo ndinawalemba mu lipoti langa, ndipo ndi pamene aphunzitsi anachongapo kawiri.

Ngakhale mndandanda wa akatswiri padziko lonse, umene unayamba mu 1986, ndinaupeza kuti sunena za sabata ino. Umawerenga zotsatira za zaka ziwiri, choncho munthu akhoza kukhala pamwamba chifukwa cha zimene anachita chaka chatha pamene panopa dzanja lazizira.

Gawo limene linandithetsa nzeru ndi masamu a ma odds, ngakhale ndi a sitandade 8. Ukatenga 1 n'kugawa ndi odds, umapeza mwayi umene kampani ikupereka: odds ya 5 ndi 20 peresenti, ya 50 ndi 2 peresenti. Usiku wina magetsi atazima ndinakhala ndi kandulo n'kuphatikiza mwayi wa osewera onse a mpikisano umodzi, anthu oposa 140. Zikanakhala zachilungamo zikanakwana 100. Zinadutsa 100 ndi patali, kuposa mmene zimadutsira pa masewero a mpira okhala ndi zotsatira zitatu zokha. Chotsalacho ndi phindu la kampani, ndipo chimadulidwa usanawerenge tsamba la aliyense. Ndinabwereza kawiri poganiza kuti kandulo yandisocheretsa mzere.

Ndiye pali gofu weniweniyo, amene samvera munthu. Scheffler mu 2024 anali pafomu imene anthu anali asanaione kwa zaka zambiri, anapambana mipikisano 7 ya PGA Tour mwa 19, kuonjezapo mendulo ya golide ku Paris. Komabe zikutanthauza kuti ka 12 tikiti ya womuika kuti apambana inafa. Mbali inayi, Phil Mickelson anapambana mpikisano waukulu wa PGA Championship wa 2021 ku Kiawah Island ali ndi zaka 50, ali pa nambala 115 padziko lonse. Ben Curtis anatenga mpikisano wina waukulu, The Open ya 2003, ali pa nambala 396. Mu 2021, Jon Rahm anali patsogolo ndi kumenya ka 6 pa mpikisano wa Memorial kutatsala tsiku limodzi, koma anamupeza ndi Covid n'kumuchotsa. Ndi webusaiti iti imene ikanakuuzani zimenezo Lachitatu?

Kope langa linatsimikiza zomwezo mochititsa manyazi. Pa masabata 6, amene ndinamusankha potsata masamba a osewera sanapambanepo. Nditayamba kuyang'ana strokes gained, anthu anga ankadutsa masiku awiri oyamba aja kawirikawiri, koma chikho ayi ndithu. Aphunzitsi anandikumbutsa ndi inki yofiira kuti masabata 6 ndi ochepa kwambiri moti sindinganene kuti njira yachiwiriyo ndi yabwino, ndipo anandidula mamalikisi atatu chifukwa ndinali nditanena kale.

Mnzanga uja ndinamuonetsa tsamba la masamu a kandulo aja. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera, kenako anandifunsa ngati ndili ndi K500 pa Mpamba yoti abwereke, poti pali mnyamata wina wa ku South Africa amene tsamba lake likuti wasintha ndodo ndipo akumva bwino.