Ogulitsa timagalimoto takale masiku ano akundikhumudwitsa

Phukusi linafika Lachiwiri ine ndili kuntchito, pobwera ndinalipeza pansi kuseri kwa chitseko, wa positi anangolikankhira pa kabowo ka makalata kaja. Nditangoliona mtima unangoti myuu, chifukwa kagalimoto kopakidwa bwino ndi bokosi lake sikangadutse pa kabowo kameneka. Envelopu yopyapyala, mkati mulibe olo kanyuzipepala, bokosi lili phwatalala ngati munthu analikhalira.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti chibwerereni kuno ku UK ndimatolera timagalimoto tachitsulo takale, makamaka ta Matchbox. Ife tinakula ndi magalimoto a mawaya, mateyala a zitsekerero za mabotolo, koma bambo anga pobwera ku Joni anandibweretsera ka Land Rover kobiriwira ka Matchbox nambala 12, kokhala ndi katundu wa pulasitiki padenga, ndipo mudzi wonse ana ankabwera kudzangokagwira. Kanasowa kalekale, ndiye nditaona kofanana nako pa intaneti, ndi bokosi lake, wogulitsa atalemba kuti ndi kenikeni sikanakhudzidwepo, ndinalipira osanenerera mtengo.

Nditakatulutsa chinayamba kundipeza ndi fungo la penti. Kagalimoto ka m'ma 1960 sikanganunkhe penti ayi. Ndinakatembenuza, pansi palembedwa bwinobwino kuti kanapangidwa ku England ndi Lesney, kampani imene inkapanga Matchbox, zimenezo ndi zoona, koma kamsomali kamene kamagwira thupi ndi chapansi kanali kobooledwa ndi dirilo kenako kumata ndi guluu, guluu wake mpaka kutuluka m'mbali. Ndiye kuti munthu anakaphwasula, kukapala, kukapopera penti watsopano n'kukabwezera. Bokosi nalonso pepala lake loyera mbee mkati, losalala, pomwe mabokosi akale amakhala otuwa ndipo amanunkha ngati buku lokhalitsa m'sutikesi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ine sindidana ndi kukonza. Alipo anthu aluso amene amatenga kagalimoto kokalikakalika n'kukabwezera moyo, ndipo amanena poyera kuti aka ndakapenta ine, mateyala ndi atsopano, bokosi ndi lochita kusindikiza, mtengo ndi uwu. Ameneyo ndimamulemekeza ndipo ndagulapo kwa otere. Chimene chikundiwawa ndi kubisa. Zithunzi ziwiri zokha, zonse zojambula chapamwamba, pansi osaonetsa, ukafunsa yankho lake ndi lakuti onani zithunzi basi.

Pansi pa kagalimoto ndi pomwe pali mbiri yake yonse. Lesney inayamba Matchbox ku London mu 1953, mu 1969 anasintha mateyala n'kuyamba za Superfast chifukwa timagalimoto ta kampani ina totchedwa Hot Wheels tinali titangotuluka mu 1968 ndipo ana ankafuna zothamanga, kenako Lesney inagwa mu 1982 ntchito n'kusamukira ku Macau. Ndiye ukaona pansi ndi mateyala umadziwa kuti wagwira cha nthawi iti. Dinky, mtundu wina wa timagalimotiti, ndi chimodzimodzi, fakitale yawo ya ku Liverpool inatsekedwa mu 1979, koma zaka zapitazi kunatuluka ma Dinky atsopano opangidwa ku China ofanana ndi akale mpaka bokosi, pansi analemba momveka bwino kuti China, koma anthu akuwagulitsa ngati akale pongopewa kujambula pansipo. Aston Martin ya James Bond ija, ya mtundu wina wa timagalimoto wotchedwa Corgi, nambala 261 ya 1965, yagolide, inali ndi kamunthu kamene kamafwamphuka padenga, ana ambiri anakataya, lero upeza pafupifupi iliyonse ili ndi kamunthu kake ndipo wogulitsa sakuuza kuti kapangidwa dzana.

Kale sizinali chonchi, ndikunena zimene ndinaziona ndekha. Kagalimoto kanga koyamba kuno ndinagula kwa bambo ena achikulire, sindinawaonepo nkhope, koma mmene analembera munthu umadziwa kuti chinthuchi amachikonda. Anawerenga zokalika zonse, pa bampa, pa chitseko chakumanzere, anati ekiselo yakumbuyo ndi yopindika pang'ono ndiye sikayenda mowongoka, anaika ndi chithunzi chapansi ine ndisanafunse. Kanabwera mu katoni, kagalimoto kokulunga pakokha bokosi pakokha kuti mateyala asaboole pepala, ndi kakalata ka pamanja, ndipo anandibwezera ndalama yotsala ya positi yomwe ine sindinkaidziwa n'komwe.

Anthu ngati amenewo akutha, ena akalamba ena anatisiya, katundu wawo akutengedwa ndi anthu ogula m'makatoni pa misika ya Lamlungu, amajambula ndi foni, kuona mtengo wapamwamba umene wina analemba n'kuikanso womwewo. Kwa iwo nsapato, ketulo, Dinky, zonse ndi katundu basi. Sindikuwaletsa kupeza ndalama, moyo kuno ndi wodula tonse tikudziwa, koma ngati sukudziwa chimene ukugulitsa bwanji osangonena kuti sindikudziwa, m'malo molemba kuti ndi chosowa, ndi chenicheni, sichinatsegulidwepo?

Wondigulitsa uja ndinamulembera mwaulemu, ndinatumiza zithunzi za guluu ndi bokosi lophwanyika. Anayankha patatha masiku anayi kuti iye anakapeza choncho ndipo za positi si zake. Ndalama zinabwera pambuyo podandaula kwa eni tsamba, ka Land Rover ndinakabweza nditakakulunga mu katoni mmene kanayenera kubwerera poyamba. Dzulo ndakaonanso kali pamalonda, zithunzi ziwiri zomwe zija, mawu omwe aja, bokosi lokha ndi limene sanalitchulenso.