Ulendo wathu wa kuphiri la Zomba pa 14 May, ndi nkhani ya Bingo mmene inakhaliradi

Abale, lipotili ndachedwa nalo chifukwa cha ntchito koma sindikanalola mwezi uthe, makamaka poona kuti nkhani ya Bingo aliyense akuifotokoza mwake mpaka azakhali aku Lilongwe amene sanabwere n'komwe andiimbira foni eti amva kuti mwana anamasula galu dala. Ayi ndithu. Ine ndinali pambuyo pake penipeni pa mwanayo, ndiye mundimvere.

Mukudziwa nonse kuti ndalama timasonkha mwezi ndi mwezi zija zimangothera maliro ndi chipatala. Zaka zonsezi tikakumana tonse ndiye kuti pali bokosi pakati, amayi ali m'nyumba akulira, abambo ali panja pamoto. N'chifukwa chake chaka chatha tinapangana kuti kamodzi pachaka tizikumana popanda womwalira, ndipo agogo atafunsidwa kuti tipite kuti sanaganize kawiri, anati kuphiri la Zomba kumene malemu agogo aamuna ankacheka matabwa iwo ali mtsikana. Tinasankha tchuthi cha Kamuzu Day poti aliyense amakhala kuti sali kuntchito, komanso ndi nthawi ya masika, mvula yatha, matope kulibe, zakudya zili mbwee.

Tinapangana 5 koloko pa Chirimba koma tinanyamuka 6 itadutsa, ndipo chinatichedwetsa ndi agalu. Amsungichuma anakanitsitsa kuti galu sakwera galimoto imene muli mapoto a ndiwo, malume aakulu nawo anati ngati Taiga atsala ndiye pikapu yawo itsalanso, mawu anakwera ndithu mpaka aneba kusuzumira pampanda. Anathetsa ndi agogo ali kale pampando wakutsogolo, chitenje chili kumutu, anangoti agogo anu sankakwera phiri lija popanda galu, akwezeni. Basi mapoto analowa m'minibasi, Taiga ndi Bingo kumbuyo kwa pikapu ndi anyamata.

Njira tinayenda bwino, Limbe, Njuli, Namadzi, pa Thondwe tinaima kugula nzimbe ndi manachesi. Kukwera kochokera mutauni ya Zomba ndiye kunali nkhani, minibasi ikulira pa giya wani, makona otsatizana, alamu aakazi aku Bangwe anatseka maso n'kuyambitsa nyimbo ya kwaya mpaka tinafika pa Ku Chawe asanatsegule. Agogo amatiuza kuti kale kunali msewu wokwerera pawokha wotsikira pawokha. Titangotsika kazizira kanatilandira, aja anabwera ndi malaya odula manja mukudzidziwa nokha, majuzi a ana anabwerekedwa tsiku limenelo.

Tinatenga mnyamata mmodzi wolondolera alendo pomwepo. Agogo ndi azakhali aakulu anapitirira pa pikapu kudzera msewu wafumbi kuti tikawapeze ku Emperor's View, enafe tinayamba wapansi kuchokera padamu la Mulunguzi, kutsata mtsinje kudutsa mathithi a Mandala mpaka a Williams. Pa Williams ana anavula nsapato kulowetsa mapazi m'madzi, anatulutsa msangamsanga akukuwa kuzizira, koma Taiga ndi ukalamba wake analowa thupi lonse n'kudzadzikutumulira pa diresi yoyera ya amsungichuma omwe aja anamukana m'mawa. Zithunzi zilipo, musafufute.

Tsopano nkhani ija. Tinali titayandikira damu laling'ono la Chagwa, tikuyenda m'mitengo ya paini, pansi pali masamba ouma oterera aja. Mwana wa alamu wa Sitandade 7 uja ndiye anagwira Bingo kuyambira padamu ndipo anakulunga chingwe kudzanja kawiri, ndinamuona ndi maso angawa. Mwadzidzidzi anyani anadutsa kutsogolo kwathu, gulu lonse, ena ana ali kumsana, chimphongo chachikulu chili pambuyo chikutiyang'ana mosaopa n'komwe. Taiga anangouwa ali pomwepo, iye amadziwa. Bingo ndi mwana, anadumpha ndi mphamvu zonse, mwana anakokedwa n'kugwa chafufumimba koma chingwe sanataye. Chinathyoka ndi kachitsulo kokolera pakhosi kaja, kanali kadzimbiri kale. Mwana anadzuka chingwe chili m'manja, chikhatho chitasupuka mzere wofiira kuchokera pachala chachikulu mpaka m'mphepete, galu atalowa m'tchire.

Zimene zinayankhulidwa pamenepo sindibwereza zonse. Malume anakalipa kwambiri chifukwa Bingo anamulera kuyambira ali kamwana kosatsegula maso, ndipo tonse timadziwa zimene nyani wamphongo amachita ndi galu, mano ake aja amang'amba mimba kamodzi kokha. Koma mawu oti ana a masiku ano manja ndi ogwirira foni basi sanamuyenere mwana ameneyu. Sanalire chifukwa cha bala, analira atamva mawu amenewo, ndipo ndi iye anayamba kulowa m'tchire kukasaka tisanamugwire.

Tinasaka pafupifupi maola awiri. Tinagawana, anyamata kumtunda ndi wolondolera uja, ine ndi alamu kutsata kamtsinje, amayi ndi ana kutsala panjira ndi Taiga. Netiweki imabwera n'kuchoka, ukaimba foni imangoduka, ndiye tinkangoitanizana ndi malikhweru. Mawu anga anasasa ndi kuitana Bingo. Kenako tinagwirizana kuti tipite kaye kwa agogo poti anali atadikira nthawi yaitali pamphepo, tikadya tibwererenso. Ulendo wochoka pa Chagwa kukafika ku Emperor's View unali wa zii, ngakhale ana sanapemphe nzimbe.

Titafika tinapeza agogo akhala pamwala atafunda bulangete, akuyang'ana kumunsi. Malo aja abale, tauni yonse ya Zomba ili pansi pa mapazi ako, uko nyanja ya Chilwa ikunyezimira ndi chilumba cha Chisi pakati, kutali phiri la Mulanje lili bii. Tinawauza za galu, anangoti khalani pansi mudye, galu wanjala amatsata fungo la ndiwo.

Tisanatsegule n'komwe mapoto tinaona bambo wina akutulukira panjira, matabwa aatali ali pamutu pa nkhata, thukuta lili chuchuchu ngakhale kunkazizira choncho, dzanja limodzi lagwira matabwa linalo lagwira luzi, kumapeto kwa luzi kuli Bingo akutsimphina. Mwana uja anathamanga osaona ndi miyala yomwe. Bamboyo anatula matabwa pansi mwaulemu n'kunena kuti anamupeza atabisala pansi pa chigogo pafupi ndi pomwe amachekera, akunjenjemera, ndipo anamva malikhweru athu ndiye anadziwa kuti eni ake ali chakuno. Khutu lamanzere linali litang'ambika pang'ono ndi bala lina pantchafu, basi. Malume anatulutsa ndalama, bambo aja anakana kawiri konse, anati galu si katundu wotola. Agogo ndiye anati ngati ndalama mwakana nsima simukana, ngakhale kunali mpunga.

Apa ndi pamene ine ndinaona chimene tinabwerera. Agogo anayamba kuwafunsa bambo aja za ntchito yawo, ngati akuchekabe ndi sowo ya anthu awiri ija, wina pamwamba pa chipika wina pansi m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso. Anati agogo aamuna anali wapansi zaka zambiri, madzulo amabwera tsitsi lili mbuu ndi utuchi, maso ali psuu, iwo n'kumawatsuka ndi madzi ofunda a mchere. Anatambasula manja kutionetsa mmene ankamenyera chingwe chopaka makala pachipika kuti mzere uwongoke. Ambirife agogo aamuna timangowadziwa pachithunzi chili pabalaza chija atavala jekete, sitinkadziwa kuti sukulu ya malume ndi amayi anga inalipiridwa ndi utuchi wa phiri limeneli. Malume anatembenukira kumbali nthawi yaitali ndithu.

Chakudya ndiye chinali chakudya. Mpunga wa kilombero, nkhuku zalokolo zitatu zimene azakhali aku Ndirande anadzuka 3 koloko kukazinga, kabichi, maungu ophika, mtedza wauwisi wophika wa kumunda kwa alamu, ndi thobwa la mawere lodzaza chigubu. Mbale zinaiwalika pakhonde ku Chirimba chifukwa cha mkangano wa agalu uja, ndiye tinadyera pa zivundikiro za mapoto ndi makontena, ana anayi chivundikiro chimodzi. Nthutumba mukudziwa kuti pakhomo pathu ndi ya malume aakulu kuyambira kalekale, palibe amaikhudza. Agogo anaivuula okha ndi supuni, zonse zitatu, imodzi anapatsa bambo a matabwa aja, ina anaika m'dzanja labwino la mwana uja, yachitatu ndiye inapita kwa malume. Malume analandira ndi manja awiri osanena kanthu, kenako anang'amba yawoyo pakati n'kumuwonjezera mwana. Amene mukuti sanapepese, kupepesa kwake kunali kumeneko.

Za maphunziro, wolondolera uja anatifotokozera kuti Emperor's View inatchedwa choncho chifukwa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima pamenepo mu 1965, ndipo ma Rasta amapitako mpaka lero, pomwe Queen's View ili chapafupi ndi ya amayi ake a Mfumukazi Elizabeth amene anafika mu 1957. Anati nsonga yaitali ndi Malumbe, yopitirira mamita 2,000, komanso kuti madzi amene tauni ya Zomba imamwa amachokera padamu la Mulunguzi, ndiye mitengo ikatha pamwamba pano mipopi kumunsi iuma. Malo ambiri tinadutsa ndi zitsa zokhazokha ndi mopsa ndi moto, ife a ku Blantyre amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe mu March 2023 sitinafune kuuzidwa zambiri.

Ku dzenje lakuya la Chingwe's Hole sitinafike, nthawi inathera kusaka galu ndipo cha m'ma 3 chiperoni chinayamba, chifunga chinakwera kuchokera kumunsi mpaka Chilwa yense kuzimiririka tikuona. Ana anadandaula poti anali atamva kale nthano zoti kale ankaponyamo anthu, tawalonjeza chaka chamawa.

Zikomo kwa malume chifukwa cha pikapu ndi mafuta, azakhali aku Ndirande pa nkhuku, alamu aakazi aku Bangwe pa thobwa ndi kwaya ya m'makona, adalaivala athu amene anapirira fungo la agalu onyowa pobwerera poti Bingo anakwera m'minibasi pamiyendo pa amsungichuma eni ake, inde iwowo, atamufunditsa ndi chitenje chawo. Achimwene aku Joni amene munatumiza ya minibasi, agogo akuti muwaimbire okha akuuzeni. Bingo anabayitsa jakisoni tsiku lotsatira kwa adokotala a ziweto ndipo khutu likupola, dzanja la mwana nalonso lauma.

Ndalama zotsala amsungichuma afotokoza pamsonkhano wa June. Kachitsulo kothyoka kaja ndinakatola ndipo ndikasunga, ndidzabwera nako kuti aliyense adzaone dzimbiri lake. Ndipo amene anatenga chivundikiro cha poto wamkulu wa azakhali aku Ndirande abweze chonde, akuchifuna Lamlungu lino.