Kukawedza trout ku Nyika ndi banja: mmene ndimakonzera ulendo wogona m'tenti

Ndikamapita ku Nyika kukawedza trout, ntchito yaikulu ndimaimaliza ndisanachoke pa Rumphi, chifukwa kumtundako kulibe filingi siteshoni kapena golosale yodalirika. Kuchokera pa Rumphi kudzera pa Bolero mpaka pa Thazima, chipata cholowera m'paki ya Nyika, ndi makilomita pafupifupi 55, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Chelinda, kumene kuli msasa wa alendo ndi madamu owedzamo, ndi mtunda wofanana nawo. Mbali yaikulu ya msewu ndi wafumbi, wamabampu, moti ndimawerengera maola anayi. Ndimadzaza thanki n'kuwonjezera chigubu cha malita 20, poti kupita, kubwera ndi kuzungulira m'paki zimadya makilomita ofika 300. Matayala ndimawaphwetsako pang'ono kuti galimoto isamadumphe, ndipo a sipeya ndimatenga awiri. Pa Rumphi ndimanyamuka isanakwane 12 koloko masana kuti tenti ikaimikidwe kukadali kowala.

Polowa pachipata pamakhala zolipira za munthu aliyense ndi za galimoto, choncho ndimasunga ndalama zogwira m'manja. Chilolezo chowedzera ndi china pachokha. Pochitenga ku Chelinda ndimafunsa zinthu zitatu: madamu amene ali otsegula, chiwerengero cha nsomba zimene munthu angatenge pa tsiku, ndi msinkhu wa nsomba yoyenera kubwezedwa m'madzi. Kumeneku nyongolotsi, ukonde ndi mono n'zoletsedwa. Amawedza ndi fulayi basi, kutanthauza mbedza yovekedwa nthenga ndi ulusi kuti izioneka ngati kachilombo.

Chelinda ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, ndipo kuzizira kwake ndi kumene kumasunga nsombayi. Trout ya mtundu wa rainbow kwawo ndi mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America. Imadya bwino madzi akakhala pa madigiri 10 mpaka 16, ikafika pa 20 imayamba kuvutika kupuma. N'chifukwa chake m'dziko muno imapezeka kumapiri okha, monga ku Nyika, ku Zomba ndi ku Mulanje. Koma kuzizira komweko ndi kumene kumabweza anthu msanga. Mu Juni ndi Julaye chisanu chimachita kuyera pa udzu m'mawa, ndipo ngakhale mu Okutobala usiku suseweretsa.

Tenti ndimaimika pamalo okwererako, osati m'chigwa pafupi ndi madzi, chifukwa mpweya wozizira umatsikira m'zigwa usiku. Khomo ndimalilozetsa kumbali yosachokera mphepo. Zikhomo ndimakhomera mopendeketsa, mutu wake utaloza kutali ndi tenti, ndipo zingwe zonse ndimamanga ngakhale kunja kuli bata, poti mphepo ya kumeneku imadzuka pakati pa usiku. Cholakwa cha anthu ambiri n'kuunjika mabulangete pamwamba n'kuiwala pansi. Nthaka ndi imene imayamwa kutentha kwa thupi. Ine ndimayala pulasitiki, kenako mphasa, kenako matiresi opyapyala, ndi bulangete limodzi pansi pa munthu aliyense. Ana ndi agogo ndimawagoneka pakati, atavala zipewa ndi sokosi zouma, ndipo ndimawaikira botolo la madzi otentha lokulungidwa m'chitenje kumapazi.

Mbaula isalowe m'tenti ngakhale kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha kapena kuoneka, ndipo munthu amangopitirira ali m'tulo. Pa ichi sindimva za munthu, kaya ndi malume kaya ndi apongozi. Moto ndimakoleza pamalo okhawo amene anakonzedwa, ndipo pogona ndimauthira madzi mpaka phulusa litazizira, chifukwa udzu wa m'chilimwe umagwira ndi kamoto kamodzi. Mapoto, nsapato ndi bokosi la ndiwo ndimatsekera m'galimoto: afisi amayendera misasa usiku ndipo amanyamula chilichonse chonunkha mafuta.

Madzi ndimawerengera malita asanu pa munthu pa tsiku, akumwa ndi ophikira. Pamtunda wotere madzi amawira pa madigiri pafupifupi 92, osafika 100, ndiye chakudya chimachedwa kupsa. Nyemba ndimaphikiratu kunyumba. Phala la nsima ndimalisiya libwate mphindi zina zisanu kuposa masiku onse, apo ayi nsima imamveka ufa.

Tsopano zowedzera. Ndodo yanga ndi ya mafiti 9, ya nambala 5 kapena 6 (nambala yosonyeza kulemera kwa chingwe chimene ndodoyo imaponya), chifukwa yopepuka kuposa pamenepo imagonja ku mphepo. Chingwe cha fulayi n'chonenepa ndipo ndicho chimapereka kulemera poponya, poti fulayi payokha silemera kanthu. Kumapeto kwake ndimalumikiza nayiloni yoonekera mkati yotalika mamita atatu, yonka nipyapyala, yotha kupirira makilogalamu atatu. M'kabokosi mumakhala mafulayi awa: Woolly Bugger yakuda ndi yobiriwira ya saizi 8 ndi 10, Walker's Killer, Mrs Simpson, ndi tating'ono ta Pheasant Tail ta saizi 14. Kamnga kobwerera m'mbuyo ka pa mbedza ndimakaphwanya ndi pulayala. Nsomba imavulala pang'ono, komanso mbedza ikalowa m'khutu la mwana imatuluka mosavuta. Aliyense woyandikira woponya avale magalasi ndi chipewa.

Mfundo ya pa mbedza ndimapota kasanu, kulowetsa nsonga pa kabowo ka pafupi ndi diso la mbedza, n'kuibwezeranso m'chizingo chachikulu chimene chapangika. Ndisanakoke ndimainyowetsa ndi malovu. Ikakokedwa youma, nayiloni imatentha n'kufooka, ndipo imadzaduka pa nsomba yaikulu. Ukaona nsonga yabwera yopotanapotana ngati mchira wa nkhumba, dziwa kuti mfundo inamasuka, sikuti nsomba inaluma.

Kuponya ndi pamene pamafunika kudekha. Ndimayamba ndi mamita asanu ndi limodzi a chingwe ali pamadzi, ndodo italoza pansi. Ndimaikweza mofulumira n'kuiimitsa mwadzidzidzi itangodutsa pang'ono pamutu, ndikudikira kuti chingwe chiwongoke kumbuyo, kenako ndikuikankhira kutsogolo n'kuiimitsanso pa msinkhu wa maso. Kudikira kuja ndiye nkhani yonse. Wofulumira amamva kulira kwa chikwapu, kuti thwa, ndipo fulayi yapita. Wochedwa amakola udzu wa kumbuyo. Wopinda mfundo ya dzanja lake poponya amatsitsa ndodo kwambiri, chingwe n'kumenya madzi, nsomba zonse balala. Timfundo todzimanga tokha pa nayiloni timabwera chifukwa chokankha mwamphamvu koyambirira, ndipo timachepetsa mphamvu ya nayiloni kwambiri, choncho ndikatiwona ndimadula n'kumanganso. Mphepo izichokera kumbali ya dzanja losaponya. Ikachokera ku dzanja loponya imakankhira mbedza kumutu kwako, ndiye ndimangosamukira tsidya lina la damu. Ana ndimawaphunzitsa pa kapinga, nditamanga kaubweya m'malo mwa mbedza.

Pa madamu atatu a pafupi ndi Chelinda, nthawi yabwino ndi kuyambira mbandakucha mpaka 9 koloko, ndiponso kuchokera 4 koloko madzulo mpaka kachisisira. Ndimayenda mopepuka m'mbali mwa madzi, chifukwa trout imamva mdidi wa mapazi ndipo imaona chithunzithunzi cha munthu. Ndimayamba kuponya pafupi, m'mphepete mwa udzu wa m'madzi ndi pamene kamtsinje kamathira m'damu, ndisanayese patali. Fulayi ikagwa ndimawerenga mpaka 5 kenako ndikukoka pang'onopang'ono, masentimita 10 kapena 15 nthawi imodzi. Pakapanda kanthu ndimawerenga mpaka 10, kenako 20. Nambala imene nsomba yagunda ndi imene ndimabwereza, chifukwa zinzake zili pa kuya komweko. Dzuwa likakwera zimatsikira pansi pozizira, ndipo kusintha fulayi kambirimbiri sikuthandiza ngati kuya kuli kolakwika.

Ikagunda, sindikutumula ndodo ngati powedza chambo ndi bango. Ndimakoka chingwe ndi dzanja lamanzere n'kukweza ndodo modekha. Ikathawa ndimaisiya itenge chingwe, ikalumpha ndimatsitsako ndodo, ikatembenukira kwa ine ndimakoka msanga kuti chingwe chisakhwepe, pakuti mbedza yopanda kamnga imagwa pomwepo. Yobwezera m'madzi ndimaigwira ndi manja onyowa, osaifinya, osaigoneka pa udzu. Thupi lake lili ndi utelezi umene umaiteteza ku matenda, ndipo dzanja louma limauchotsa. Ndimaigwirizira m'madzi ili chilili mpaka itadzikankha yokha. Thambo likayamba kugunda ndimagoneka ndodo pansi n'kuchoka, chifukwa ndodo za kaboni zimakoka mphezi ndipo ku Nyika kulibe pobisala. Nkhungu nayo imatseka mwadzidzidzi, ndiye ana sachoka pamene ndikuwaona.

Yotenga ndimaipha nthawi yomweyo poimenya pamutu, kuseri kwa maso. Ndimaing'amba pamimba, kuchotsa matumbo ndi zofiira zopumira za m'mutu, ndikupala ndi chala chachikulu mzere wa magazi wotsata msana, umene umawawitsa nyama ukasiyidwa. Mamba ake ndi aang'ono, sapalidwa. Zamkatizo ndimazimanga m'jumbo, sizitayidwa pafupi ndi tenti. Nsomba ya theka la kilogalamu ndimaithira mchere, kuika magawo awiri a ndimu ndi supuni ya batala m'mimba, kuikulunga m'foilo kawiri, n'kuiika pa makala opanda malawi, mphindi 7 mbali iliyonse. Yapsa pamene chipsepse cha pamsana chikuzuka chokha ukachikoka. Kwa ana ndimanyamula msana wonse kuchokera kumchira kuti minga ichoke pamodzi, kenako ndimapapasa nyamayo ndi zala.

Tsiku lobwerera tenti imakhala yonyowa ndi mame mpaka cha m'ma 9 koloko. Ndimaiyanika pa galimoto kwinaku tikulongedza zina, ndipo ngati yapindidwa yonyowa ndimaitambasulanso tikangofika kunyumba isanachite nguwi. Zinyalala zonse, ngakhale tizidutswa ta nayiloni timene timakola miyendo ya mbalame, zimatsika nafe. Potsetsereka kulowera ku Thazima ndimaika giya yotsika m'malo moponda mabuleki njira yonse, chifukwa pa galimoto yodzaza katundu amatentha n'kusiya kugwira.